Kamera Isaone Waya

"Tanunkhizani ichi, bambo a mwana, mundiuze kuti n'chiyani."

Mkaziyo anaponya kanthuko patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi ya mwamuna wake. Linali khoko la lalanje, lophwanyika, lomatirira udzu wotafunidwa. Mwamunayo anali atavala kale yunifolomu yobiriwira ya kupaki, akumanga zingwe za jombo. Analiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso pansi.

"Mwayamba kuika zinyalala patebulo tsopano?"

"Zinyalala zanu zomwe. Ndalitola m'ndowe za njovu, pakati pa munda wanga, pamene dzulo panali maungu. Kuno konse kuli mtengo wa malalanje ngakhale umodzi? Kapena njovu zayamba kupita zokha kumsika kokagula?"

"Mayi a mwana, m'mawa uno ndili ndi phunziro. Ana akundidikira."

"Akudikireni. Inenso ndadikira dzinja lonse kuti chimanga chija chibereke."

Ntchito ya mwamunayo inali yachilendo m'mudzimo, moti ena ankati amangopita kukajambula zithunzi basi. Paki yosungira nyama zakutchire, imene waya wake unkadutsa kumapeto kwa minda ya anthu, inali itayambitsa maphunziro a pa intaneti. Iye ankaima m'tchire ndi kamera yaing'ono yomangirira ku ndodo, kachipangizo komvera kali m'khutu, n'kumalankhula. Ana a sukulu za m'mizinda ndi za kunja kwa dziko ankamuonera pa kanema m'makalasi mwawo nthawi yomweyo, n'kumamufunsa mafunso. Ankamutcha Amalume a Kutchire. Ndipo tisamunamizire munthuyu, pakamwa anali napo: ankatha kufotokoza za chiswe mpaka mwana wa m'tauni n'kuyamba kuchikonda chiswecho.

Vuto linali netiweki. M'kati mwa paki, kumene nyama zimakhala, foni sinkagwira. Inkagwira pa kachitunda kamodzi kokha, pafupi ndi waya, moyang'anizana ndi minda. Ndiye poti netiweki sinkatha kupita kwa njovu, akuluakulu a paki anaganiza zoti njovu zizibwera kwa netiweki. M'mawa uliwonse wa phunziro galimoto inkakhuthula malalanje otsala kumsika ndi mibulu ya mchere kuseri kwa zitsamba. Njovu si zopusa. Pasanapite nthawi zinali zitaloweza nthawi ya sukulu kuposa ana ena amene timawadziwa.

"Malalanjewo timathira m'kati mwa paki," anatero mwamunayo. "Sitithira m'munda mwanu."

"Mumathira pamphuno pa munda wanga. Zikadya osakhuta mukuganiza kuti zimabwerera zikuthokoza? Kale njovu zinkaopa dzuwa, zinkaopa munthu. Pano zikubwera m'mawa anthu akuona, ngati zabwera kudzapempha moto."

"Waya ulipo."

"Waya uti? Uja ana amayanikapo zovala? Magetsi anathamo liti muja? Mbuzi zimadzikandira pamenepo, inu mukuti waya."

Mwana wawo anali ataima pakhomo, chikwama cha mabuku chili kumsana. Anali mtsikana wosinkhukirapo, ndipo pakhomopo ankamutcha Kamafunso chifukwa pakamwa pake sipankatha mafunso chiyambire kulankhula.

"Ababa, nanga ife bwanji sitikuonani pa kanema? Sukulu yathu ndiye ili pafupi kuposa zonsezo."

"Kusukulu kwanu kulibe magetsi, mwanawe."

"Ngati waya," anatero mayi ake.

Mwamunayo anamwa tiyi wozizirayo n'kutuluka. Anakwiya njira yonse, ndipo chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti mkaziyo sananame penapake.

Phunziro la tsikulo linayenda bwino. Njovu yaimuna imene ana ankaikonda, imene iye mwini anaipatsa dzina loti Mnyanga Umodzi chifukwa mnyanga wina unathyoka, inabwera n'kuima pabwino ngati yauzidwa. Kamnyamata ka kutsidya kwa nyanja kanafunsa ngati njovu zimalota. Pakati pa phunziro mayi wina wosenza nkhuni anatulukira kuseri kwa waya, koma dzanja la Amalume linali litakweza kale kamera kumitengo bwana wake wa maphunziro asananene kanthu m'khutu.

Limenelo ndilo linali lamulo lalikulu pantchitoyo: kamera isaone waya. Isaonenso munda, denga, utsi, kapena munthu wosavala yunifolomu. "Ana akutaliwa akufuna tchire," bwana wa maphunziro anamuuza choncho tsiku loyamba. "Akaona waya aziti ndi khola." Bwanayo ankakhala mu ofesi kuchipata cha paki, akuonera pakompyuta, ndipo chinthu chosayenera chikatulukira ankangoti m'khutu, "M'mwamba!" Pamenepo Amalume ankaloza kamera kunthambi n'kuyamba nkhani ya mbalame mpaka chithunzi chitayera. Anazichita kambirimbiri moti dzanja linasiya kudikira mutu. Nayenso mlonda wamfuti amene ankaima kumbuyo kwake anali ndi lake lamulo: asawombe phunziro lili m'kati. Mlonda wina anawombapo m'mwamba ana akuonera, ana a sukulu ya m'tauni analira, makolo anadandaula, ndipo mlondayo anamusamutsira kumalire a kutali. Kuyambira pamenepo mfuti inkadikira kuti Amalume adine kaye batani lofiira lozimitsira.

Atatha phunziro analowa mu ofesi, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndimati ndinene za waya uja. Mabatire anafa kalekale. Mnyanga Umodzi wayamba kulowa m'minda."

"Tikudziwa, Amalume, tikudziwa. Nkhaniyo ili pamwamba. Mvula ikatha tikonza."

"Mvula ikatha chimanga chidzakhala chitatha, bwana. Kapena tisiye kaye malalanje."

Bwanayo anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachifundo, chifundo chija chimene chimapweteka kuposa kukalipira.

"Tikasiya malalanje, ana muwaonetsa chiyani? Udzu? Sukulu zikasiya kulembetsa, otithandiza ndi ndalama aja atseka pulogalamu. Ine ndipita kwathu, inu mupita kwanu, ndipo waya wanuwo sudzakonzedwa mpaka kalekale. Khalani pansi, ndili ndi nkhani yabwino." Anamukankhira mpando. "Otithandiza akufuna aone sukulu ya kuno ikupindula. Sabata ya mawa tipita ndi jenereta ndi makina oonetsera kanema kusukulu ya m'mudzi mwanu. Iwonso adzaonera ali kwawo. Ndikufuna Mnyanga Umodzi adzapezeke tsiku limenelo, zivute zitani. Kuyambira mawa malalanje tiwonjezera."

Amalume anathokoza. Inde, anathokoza, ndipo potuluka anatseka chitseko bwinobwino kuti chisachite phokoso.

Masana amenewo Kamafunso atamva nkhaniyo anadumpha mpaka kugunda mutu pafelemu ya chitseko, n'kuthamanga kukauza anzake. Mayi ake anali pakhonde akukhoma chogwirira pa chitini chawo chothamangitsira nyama. Chinali chitini chakale cha mafuta ophikira, chong'aluka mbali imodzi, ndipo mng'alu umenewo unkachititsa kuti chizilira mosasa mawu. Mudzi wonse unkachidziwa chitinicho chikalira.

"Ndiye kuti awonjezera malalanje," anatero mkaziyo osadzutsa mutu.

"Ndani wakuuzani?"

"Nkhope yanu. Ndakhala nayo zaka zambiri."

Mwamunayo anakhala pa mpando wa pakhonde n'kuvula jombo imodzi.

"Ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi a mwana. Tsiku limenelo musapite kumunda. M'mawa umodzi wokha. Pitani kusukulu mukaonere limodzi ndi mwana."

"Ndikaonere njovu ikudya malalanje, kenako ndibwerere ndikaone kumene yadya chimanga changa?"

"Chimanga tingagule. Ndimalandira malipiro ine."

"Malipiro anu amatha mwezi usanafike pakati, musandichititse kulankhula zambiri. Amene amatidyetsa pakhomo pano ndi munda uja. Mwana wanuyo wakula ndi maungu a m'munda uja, osati ndi kamera. Chimanga chakhwima, chatsala pang'ono kuuma. Ndikachisiya m'mawa umodzi, ndasiya chaka chonse."

"Chitini sichingaimitse njovu ngati ija."

"Ndiye iimitseni inu! Si mnzanu? Si inu munaipatsa dzina? Ife amene timakhala nayo timaitcha mdani, inu mwaisandutsa mphunzitsi." Anaika hamala pansi. "Ndikufunseni, bambo a mwana. Ana akutaliwo amadziwa kuti kuseri kwa msana wanu kuli anthu? Munawauzapo kuti Amalume a Kutchire ali ndi mkazi amene amalima poponya mwala kuchokera pamene aimapo?"

"Si phunziro lake limenelo."

"Ndikudziwa. Kamera yanu imaona nyerere, imaona ndowe, imaona chisa cha mbalame. Ife tokha ndiye tikaoneka timadetsa chithunzi."

"Mukufuna ndisiye ntchito? Nenani. Ndisiye, tizikhala tonse pakhonde pano tikuimba chitini."

"Sindinati musiye. Ndikuti tsiku limenelo, akuluakulu onse akuonera, mutembenuze kamera kamodzi kokha. Aone waya wakufa uja, aone munda. Kamodzi kokha."

Mwamunayo anavula jombo inayo, n'kuyamba kuchotsa minga pasokosi. Mumtima mwake anadziuza kuti mwina adzachitadi zimenezo, ndipo maganizo amenewo anamukoma masiku angapo, moti ankayenda ngati munthu amene wachita kale chinthu cholimba mtima.

Tsikulo linafika kuli dzuwa. Kamafunso anachapa yunifolomu yake dzulo lake, nsapato anapaka polishi wa bambo ake. Potuluka anati, "Ababa, ndikafunsa funso mudzandizindikira mawu?" Bambo ake anaseka, anati ngakhale atatseka makutu. Mayi ake anali atapita kale, ndipo pamsomali pamene pankakhala chitini panalibe kanthu.

Pakachitunda paja zonse zinali m'malo. Malalanje anali mulu kuseri kwa zitsamba, mlonda wamfuti ali kumbuyo. M'khutu bwana anati sukulu yalumikizidwa, otithandiza nawonso alowa. Kenako Amalume anamva phokoso limene sanalimvepo pantchitoyo: ana a m'mudzi mwake momwe akukuwa ndi chimwemwe poona nkhope yake pakhoma la kalasi. Mtima wake unadzaza. Anawapatsa moni m'chilankhulo chawo.

Mnyanga Umodzi anabwera, koma sanabwere yekha. Malalanje owonjezera aja anali ataitana zinzake, ndipo mulu wonse unatha ngati mchere m'madzi. Amalume anafotokoza za chitamba, za makutu, za mmene njovu imakumbukira njira zaka ndi zaka. Kamafunso anafunsa kuti mnyanga unathyoka bwanji, ndipo bambo ake anamuyankha mwaulemu ngati mlendo, kalasi yonse n'kuseka.

Ali m'kati moyankha, mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera kuminda. Mnyanga Umodzi anakweza chitamba n'kununkhiza. Anasiya zinzake zikulimbirana makoko, n'kuyamba kutsetsereka kachitunda, osafulumira, ngati munthu wopita kwawo. Amalume anamutsatira ndi kamera pang'ono, ndipo m'mphepete mwa chithunzi munatulukira mzati woyamba wa waya.

"M'mwamba!" anatero bwana m'khutu.

Koma dzanja linali litakwera kale. Kamera inapeza mtengo waminga umene unali ndi zisa za mpheta zikulendewera, ndipo pakamwa pa Amalume panatseguka pokha.

"Taonani kuno, ana. Izi ndi zisa za mpheta. Woluka chisa ndi mpheta yaimuna."

Kumunsi waya unalira kamodzi, mzati n'kugwa. Kenako chitini chinayamba kulira, mosasa mawu, mofulumira.

"Pitirizani, pitirizani, chithunzi chili bwino," anatero bwana. "Otithandiza akusangalala."

Mlonda anali atakweza mfuti, maso ali pa chala cha Amalume, kudikira batani lofiira. Amalume anamuona. Chitini anachimva, ndipo anachidziwa. Koma zaka zonse zija zinali zitamuphunzitsa kuti chosayenera chimadutsa, kuti ukangolimbikira nkhani ya mbalame mayi wa nkhuni amapita, mbuzi imachoka, chithunzi chimayera. Mutu wake unkati dina batani, pakamwa pake pankapitiriza phunziro.

"Mukuona kuti imamanga kumapeto kwenikweni kwa nthambi? Imatero kuti njoka isafikire mkazi wake ndi ana. Khomo imaliika pansi..."

Chitini chinasiya kulira.

"...kuti mdani asaone polowera," anamaliza Amalume.

Mlonda sanadikirenso. Anawomba m'mwamba, kenako kachiwiri, akuthamangira kumunsi. Apo m'pamene Amalume anataya ndodo ya kamera n'kuyamba kuthamanga, akukuwa dzina la mkazi wake, limene anali asanalitchule mokweza kwa zaka zambiri. Anamupeza pakati pa chimanga chogwa, chitini chili chophwatalala pambali pake. Anali moyo, maso ali otsegula. Mwendo wake wamanja unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

Kuchipatala anayesetsa, koma patapita masiku anaudula pamwamba pa bondo. Munda uja anansi anakunkha zimene zinatsala, ndipo sizinadzaze ngolo. Waya anaukonza sabata yomweyo, mabatire atsopano anapezeka msangamsanga, mvula isanathe n'komwe. Mlonda anamuimitsa kaye ntchito chifukwa chowomba phunziro lili m'kati.

Bwana wa maphunziro anabwera kudzazonda wodwala masana ena. Anaima kumapazi kwa bedi, chipewa m'manja, n'kupepesa m'malo mwa paki yonse. Anati ngozi siidziwika tsiku lake. Anati Amalume apume mpaka mtima ukhale pansi, malo awo palibe adzawalande, chifukwa ana akuwafunsa tsiku lililonse. Kenako anaika jumbo pakabati ya pambali pa bedi, monga amachitira aliyense wozonda wodwala. M'jumbomo munali malalanje.

Mkaziyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi otsala a njovu?" anafunsa.

Bwana anatsokomola, anati ayi mayi, ndagula pachipata pompano. Mkaziyo anatembenukira kukhoma, nakhala choncho mpaka mlendoyo atapita. Kwa mwamuna wake sananene mawu okalipa ngakhale amodzi chilowereni m'chipatalamo. Ankalandira madzi m'manja mwake, ankalola kuti amutembenuze, ankati zikomo. Mwamunayo akanakonda kutukwanidwa, koma mkazi amene ankamutukwana uja anatsala m'munda. Chimene chinkamupatsa mpumulo pang'ono chinali chimodzi, ndipo chinali chochititsa manyazi: mkaziyo anali kumunsi, sanamve zimene zinkanenedwa pakachitunda.

Mwamunayo anatuluka kukatsuka mbale pampopi wa kunja kwa wodi. Kamafunso anali atakhala pabenchi ya simenti, miyendo ili lende. Chichitikireni ngoziyo mwanayo anali asanafunse funso lililonse, ngakhale lofunsa kuti mwendo wodulidwa amapita nawo kuti. Bambo ake anakhala pambali pake, mbale zili pamiyendo.

"Wadya, mwanawe?"

Mtsikanayo anagwedeza mutu. Anayang'ana nsapato zake, zimene polishi uja anali atatha kalekale.

"Amalume a Kutchire," anatero, "ndili ndi funso."

"Usanditche choncho. Ndine bambo ako."

"Chitini chitayamba kulira, inu munachimva?"

Munthuyu anali atayankha ana ambirimbiri pamoyo wake. Anayankha za maloto a njovu, za misozi ya ng'ona, za chifukwa chimene mbidzi zili ndi mizere. Anatsegula pakamwa kuti anene za mphepo, za kachipangizo ka m'khutu kamene kamatseka khutu limodzi, koma mwanayo ankamuyang'ana ndi maso a mayi ake.

"Ife tinachimva," anatero Kamafunso. "Kalasi yonse inadziwa kuti ndi cha amayi. Ine ndinaimirira, ndinakuwa kuti ababa, ababa, koma anali atatizimitsira maiki kuti tisasokoneze. Tinamva pamene chinasiyira kulira. Inu munali musanamalize za mpheta."

Anatsika pabenchipo, natenga mbale pamiyendo ya bambo ake.

"Bweretsani nditsuke ndine. Amayi andifunsa kuti phunziro lija linali lotani, poti iwo sanaonere. Ndawauza kuti ndiwafotokozera madzulo ano."